Kuchoka pa digiri ya psychology kupita ku masters ya uphungu: zoyenera kudziwa mukadali ku Zomba

Ophunzira ambiri amene amamaliza digiri ya psychology pa Chirunga, ku yunivesite ya Malawi ku Zomba, ukawafunsa kumene akulowera, amayankha kuti akufuna kukhala aphungu. Cholinga chake n'chabwino ndipo dziko lino likusowa anthu otere. Koma pali chinthu choyenera kunenedwa msanga, munthu asanayambe kulemba makalata ofunsira malo: digiri yoyamba ya psychology siphunzitsa uphungu. Imaphunzitsa mmene anthu amaganizira, mmene mwana amakulira, mmene ubongo umasungira zinthu, mayina a matenda a maganizo ndi zizindikiro zake, komanso kachitidwe ka kafukufuku. Zonsezi n'zofunika. Koma kukhala m'chipinda ndi mayi amene mwana wake adakokoloka ndi madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, n'kutha naye mphindi 50 osamuwonjezera ululu, ndi luso lina. Luso limenelo munthu amaliphunzira pochita, wina wodziwa akumuyang'anira. Choncho posankha sukulu, funso loyamba lisakhale dzina la yunivesite kapena dziko limene ili. Mufunse kuti mudzakhala ndi anthu enieni kwa maola angati, ndipo ndani adzamvetsere mmene mwagwirira ntchitoyo.

Muyambe mwasiyanitsa njira, chifukwa mayina ake amasokoneza. Psychiatrist ndi dokotala, adayamba ndi digiri ya udokotala monga ya ku KUHeS, yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu, ndipo amalemba mankhwala. Njira imeneyo siyambira pa psychology. Clinical psychologist amaphunzira kuyeza ndi kuthandiza matenda aakulu a maganizo, nthawi zambiri m'chipatala. Counselling psychologist ndi phungu wa masters amagwira kwambiri ntchito ndi anthu amene moyo wawapanikiza: maliro, mavuto a m'banja, nkhanza, mowa, ngongole, kulephera mayeso, kulandira zotsatira za HIV, kukhumudwa ndi nkhawa zimene sizinafike pogonekedwa m'chipatala. Palinso masters za kafukufuku, monga MPhil ya Public Mental Health ya ku Alan J Flisher Centre ku South Africa. Ndi maphunziro apamwamba, oyenera munthu wofuna kufufuza kapena kukonza ndondomeko za umoyo, koma samutulutsa munthu ali phungu. Chimodzimodzi masters zambiri za chaka chimodzi za ku UK zimene dzina lake lili ndi mawu akuti mental health: mumakhala m'kalasi, mumalemba dissertation, mumabwerako musanakhalepo ndi munthu wovutika ngakhale mmodzi.

Muyeso woyezera pologalamu

Mabungwe a kunja amene amavomereza maphunziro a uphungu adaika manambala, ndipo manambalawa ndi othandiza ngakhale kwa munthu amene sakuganiza zopita kumayiko amenewo. Ku America, bungwe la CACREP limafuna kuti wophunzira achite practicum, kutanthauza kuphunzira pogwira ntchito ndi anthu enieni, ya maola 100, mwa amenewo 40 akhale maso ndi maso ndi anthu ofuna thandizo, kenako internship ya maola 600, mwa amenewo 240 maso ndi maso. Sabata iliyonse amakhala ola limodzi ndi supavaiza wake, ndi ola limodzi ndi theka pagulu ndi anzake. Ku UK, maphunziro ovomerezedwa ndi BACP, bungwe la aphungu la kumeneko, amafuna maola osachepera 100 a uphungu weniweni woyang'aniridwa. Ku South Africa, amene akufuna kulembetsa ku HPCSA, bungwe lolembetsa ogwira ntchito zaumoyo, ngati registered counsellor amachita maola 720, pomwe counselling psychologist amachita chaka cha m'kalasi, internship ya miyezi 12, kenako mayeso a bungwe.

Tengani manambalawa mukafunse nawo sukulu iliyonse, ya kuno kapena ya kunja. Lembani kalata kwa mkulu wa pologalamu mufunse kuti maola a practicum ndi angati, malo ochitirako amapeza ndani, sukulu kapena wophunzira, supavaiza ali ndi maphunziro anji ndipo amayang'anira ophunzira angati. Akayankha mozungulira, kapena akanena kuti zimenezo mudzaona nokha, dziwani kuti mukugula pepala. Izi zimachitika kwambiri ndi masters za pa intaneti zotsika mtengo. Maphunziro a pa intaneti si oipa, nkhani za m'mabuku zimaphunzitsika bwino patali, koma ngati palibe amene adzamve mawu anu mukuyankhula ndi munthu wolira, mudzamaliza muli ndi zolakwa zomwezo zimene mudalowa nazo. Ngati sukuluyo ili m'dziko muno, onani ngati pologalamu yeniyeniyo, osati sukulu yokha, ili pa mndandanda wa zovomerezedwa ndi NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba m'dziko muno. Ngati ili kunja, dziwani kuti pobwerako NCHE yomweyo ndi imene idzaunike pepala lanu.

Zimene zimachitika m'kati mwa maphunzirowo

Wophunzira wochokera ku psychology amazolowera kuti wanzeru ndi amene ali ndi yankho. Chaka choyamba cha uphungu chimagwetsa chizolowezi chimenechi, ndipo amene ankakhoza bwino mayeso ndi amene kawirikawiri amavutika nacho kwambiri. Masabata oyamba mumakhala atatuatatu: wina phungu, wina wofuna thandizo, wachitatu woonerera. Kenako mumayamba kujambula mawu, mutapempha chilolezo cholembedwa, n'kulemba mawu onse mmene adatulukira. Kulemba kukambirana kwa ola limodzi kumatenga maola anayi mpaka asanu ndi limodzi. Pambali pa chiganizo chilichonse chimene mudanena, mumalemba chimene munkafuna kuchita ndi chimene munkamva mumtima. Pepala limenelo ndi limene mumapita nalo kwa supavaiza, ndipo pamenepo mumaona nokha kuti mudadula munthu mawu kangati, mudafunsa mafunso angati motsatizana ngati wapolisi, ndipo pamene munthuyo adakhala chete misozi ikulengeza, inu mudathamangira kulankhula chifukwa chete uja amakuvutani inuyo.

Vuto lalikulu la oyamba kumene kwathu kuno ndi kulangiza. Tidakula ndi ankhoswe, anamkungwi, akulu a mpingo ndi atsibweni, ndipo ntchito yawo ndi kuuza munthu chochita. Ntchito imeneyo ili ndi malo ake, koma si ya phungu. Tiyerekeze mayi wabwera n'kunena kuti, "Aphungu, mungondiuza, bambowa ndiwasiye kapena ndipirire?" Woyamba kumene amayankha kuti banja ndi kupirira, kapena kuti nyamukani lero lomwe. Mayankho onse awiri amatseka nkhani. Mayiyo akapirira n'kuvulazidwa, mlandu uli pa inu. Akachoka n'kusowa chodyetsa ana, mlandu uli pa inunso, ndipo m'njira zonse ziwiri sanaphunzire kuyeza yekha nkhani yake. Wophunzitsidwa amayamba wabweza zimene wamva: "Mayi, ndikumva kuti mwatopa, komanso pali china chikukugwirani kuti musachoke. Tandiuzani za chimenecho." Kenako safuna kumaliza osafunsa za chitetezo: "Akakwiya amakumenyani? Komaliza lidali liti? Usiku uno mukagona kuti?" Ngati pali nkhanza, amamufotokozera za Victim Support Unit ya kupolisi ndi chitetezo chimene lamulo la nkhanza za m'banja la 2006 limapereka, osamukakamiza.

Maziko a kamvetseredwe kameneka adawafotokoza Carl Rogers mu 1957: kulowa m'maganizo a mnzako ngati kuti ndi ako, kumulandira osamuweruza, ndi kukhala weniweni osavala nkhope ya ntchito. Mudaziwerenga m'chaka choyamba ndipo mwina mudaziyankha pamayeso. Kuzichita kwa munthu amene wangoulula kuti amamenya mkazi wake, kapena mtsikana amene wachotsa mimba pamene inu chikhulupiriro chanu chimakana zimenezo, ndiye nkhani ina. N'chifukwa chake mapologalamu ambiri amafuna kuti wophunzira nayenso akakhale pampando winawo, alandire uphungu kwa miyezi ingapo. Ena amaona ngati n'kutaya ndalama. Ine ndimaona kuti ndi gawo limene munthu sayenera kulidumpha, chifukwa amene sanalirepo maliro a bambo ake mokwanira, akakumana ndi wamasiye amayamba kuthandiza chilonda chake m'malo mwa cha mnzake.

Pamwamba pa kumvetsera pamabwera njira zothandizira. Mudzakumana ndi CBT, imene Aaron Beck adayambitsa m'zaka za m'ma 1960, yothandiza munthu kugwira maganizo amene amamugwetsa n'kuwayesa ngati ndi oona. Mudzakumana ndi motivational interviewing ya William Miller ndi Stephen Rollnick, yothandiza kwambiri pa mowa, chamba ndi kusiya kumwa ma ARV. Koma kwa amene adzagwire ntchito ku Malawi, ndikulimbikitsa kuti aphunzirenso bwino njira zazifupi, chifukwa munthu wochokera ku Jali kapena ku Mayaka sangakwanitse thiransipoti yobwera kambiri. PM+ ya bungwe la WHO ndi ya maulendo asanu, kamodzi pa sabata, mphindi 90 ulendo uliwonse, ndipo imaphunzitsa zinthu zinayi: kupuma pang'onopang'ono pofuna kutsitsa nkhawa, kugawa vuto n'kulithetsa pang'onopang'ono, kuyambiranso ntchito zimene munthu adasiya, ndi kulimbitsa ubale ndi anthu omuthandiza. Friendship Bench, imene Dixon Chibanda adayambitsa ku Zimbabwe pophunzitsa agogo aakazi njira yothetsera mavuto, yagwiritsidwaponso ntchito m'zipatala za kuno. Phungu wa masters kawirikawiri ndiye amadzaphunzitsa ndi kuyang'anira anthu ochita njira zimenezi, ndiye ayenera kuzidziwa ndi manja ake.

Funso limene ambiri amaliopa

Palibe amene ayenera kukhala yekha ndi munthu wofuna thandizo asanaphunzire kufunsa za kudzipha. Mantha a oyamba kumene ndi akuti akafunsa amupatsa munthuyo maganizo amene adalibe. Kafukufuku adaonetsa kuti kufunsa sikudzala maganizowo, ndipo ambiri amapepukidwa kuti wina wayerekeza kutchula chimene iwo amabisa. Funsolo lifunsidwe mosazungulira: "Anthu ena zinthu zikafika pamenepa amaganiza zodzipha. Kodi maganizo amenewa amakubwererani inunso?" Akavomera, mumafunsa ngati adakonza kale njira, ngati chimene akuganizacho chili pafupi, ngati adayesapo kale, ngati akumwa mowa, ndi chimene chamugwira mpaka lero. Pamene ngozi ili pafupi, samuchoka yekha. Mumagwirizana naye za wachibale woti aitanidwe, zinthu zoopsa monga mankhwala a m'munda zimachotsedwa m'nyumba, ndipo mumamuperekeza kuchipatala. Kumulumbiritsa kuti sadzachita sikuteteza munthu. Chimateteza ndi ndondomeko yolembedwa: zizindikiro zake, anthu oti awaimbire, ndi tsiku lobweranso limene lili pafupi.

Mudziwenso malire anu. Munthu amene akumva mawu amene ena sakuwamva, amene watha masiku osagona akulankhula mosalekeza, mayi amene wasokonezeka atangobereka, chidakwa chimene chikunjenjemera ndi kuona zinthu chitasiya mowa mwadzidzidzi, onsewa akufunika achipatala tsiku lomwelo. Kusokonezeka kobwera mwadzidzidzi pamodzi ndi kutentha thupi kungakhale malungo kapena matenda oumitsa khosi, ndipo kumeneko ndi kuchipatala cha Zomba Central, osati pampando wa uphungu.

Mwayi wa munthu wa ku Zomba

Amene amasankha ophunzira a masters ya uphungu amayang'ana magiredi, makamaka a abnormal psychology, developmental psychology, counselling ngati idalipo, statistics ndi research methods, ndipo malo ambiri amafuna digiri ya Credit kapena kuposa. Koma chimene chimasiyanitsa awiri a magiredi ofanana ndi ntchito imene adagwirapo ndi anthu. Pamenepa Zomba ili ndi mwayi umene maboma ambiri alibe. Zomba Mental Hospital, chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo, chili momwemuno. Likulu la YONECO, bungwe limene limayendetsa nambala yothandizira ana ya 116, lili momwemuno. Pali Zomba Central Hospital, ofesi ya social welfare ya boma, ndende ya Zomba ndi ya Mikuyu, malo osungira ana olakwira malamulo a Chilwa, masukulu a sekondale ogonera komweko, ndi ophunzira anzanu ambirimbiri a pa Chirunga ndi ku Domasi.

Musangolowa pakhomo n'kuyamba kugwira. Pemphani kalata ku dipatimenti, pitani nayo kwa mkulu wa malowo, ndipo mugwirizane zinthu zitatu zisanayambe: ntchito imene mudzaloledwe kugwira, dzina la amene adzakuyang'anireni, ndi tsiku la sabata limene mudzakhale naye pansi. Miyezi yoyamba ikhale yoonerera, kuthandiza pa magulu, kulemba mbiri ya wodwala pamodzi ndi namwino kapena clinical officer. Gulani kope lachikuto cholimba. Tsiku lililonse lembani deti, malo, maola, mtundu wa ntchito, ngati mudaonerera kapena mudachita nokha, ndipo woyang'anira asaine kumapeto kwa sabata. Dzina la wothandizidwa lisalowe m'kopemo, ikani nambala. Ambiri amagwira ntchito yodzipereka chaka chathunthu koma pofunsira malo alibe umboni, woyang'anira uja adasamutsidwa, ndipo zonse zimangokhala zonena pakamwa. Maola asanu ndi atatu pa sabata kwa miyezi khumi amapitirira 300, ndipo akalembedwa ndi kusainidwa amalemera kuposa masatifiketi khumi a maphunziro a masiku atatu a ku hotela.

Ngati mwamaliza digiri ndipo ndalama za masters sizinapezeke, si kubwerera m'mbuyo kukachita maphunziro a uphungu ku St John of God ku Mzuzu, kumene akhala akuphunzitsa aphungu kwa zaka zambiri. Wina angaone ngati n'kutsika kuchoka pa digiri kukachita maphunziro ocheperapo, koma luso la m'chipinda limene mungatengeko lidzakuimirirani pa intaviyu ya masters.

Chiyankhulo

Mudzaphunzira m'Chingerezi, koma anthu adzakulirirani m'Chichewa, ena m'Chiyao kapena m'Chilomwe. Munthu wa ku Chinamwali sabwera n'kunena dzina la matenda. Amati mutu ukundipweteka, mtima ukuthamanga, thupi lonse lafooka, tulo sindikuliona, ndikungoganiza kwambiri. Wina amati adalodzedwa, wina amati ndi majini, ndipo adayamba wapita kwa sing'anga, kwa abusa kapena kwa shehe. Phungu amene amayamba ndi kutsutsa zimenezi samuonanso munthuyo ulendo wachiwiri. Funsani kuti iye akuona kuti chayambitsa n'chiyani, adapita kuti, adamuuza chiyani, chidathandiza n'chiyani. Mungagwire naye ntchito ya tulo, ya maganizo ndi ya ngongole akupitirizabe kupemphera. Muyenera kulimba pokhapokha pamene akuuzidwa kusiya mankhwala a kuchipatala kapena pamene wina akuvulazidwa.

Zida zoyezera nazonso zimafuna chisamaliro. PHQ-9, chida choyezera kukhumudwa, ili ndi mafunso asanu ndi anayi okhudza masabata awiri apitawa, yankho lililonse kuyambira 0 mpaka 3, zonse pamodzi 27, ndipo 10 ndi pamene kawirikawiri amayambira kuganizira kukhumudwa kofuna thandizo. Funso lomaliza ndi la maganizo ofuna kufa, ndipo yankho lililonse loposa 0 limafuna kukambirana tsiku lomwelo ngakhale zonse pamodzi zitakhala zochepa. PHQ-9 ndi SRQ-20, chida china choyezera mavuto a maganizo, zidamasuliridwa kale m'Chichewa ndi kuyesedwa kuno, choncho funani zimenezo m'malo momasulira nokha pamaso pa munthu, chifukwa mukatero lero mufunsa mwina, mawa mwina, ndipo manambala sadzafanizika. Kumbukiraninso kuti chida chimangoloza, sichigamula kuti munthu ali ndi matenda akuti. Amene adzaphunzire kunja apemphe kuti mbali ina ya practicum adzachitire kuno, kapena azichita zoyeserera m'Chichewa ndi mnzake. Pali anthu amene adakhoza bwino kunja koma atabwerako amasowa mawu ofunsira agogo aamuna za mowa mwaulemu.

Chinsinsi m'tauni yaing'ono

Mabuku a kunja amalemba ngati kuti phungu ndi womuthandiza sadzakumananso kunja kwa chipinda. Ku Zomba mudzakumana mumsika pogula masamba, m'minibasi ya ku Matawale, kutchalitchi, pamaliro. Choncho nkhaniyi ikambidwe ulendo woyamba: "Tikakumana panjira, ine sindiyamba kukupatsani moni, kuti amene muli nawo asafunse kuti tidadziwana kuti. Mukandipatsa moni ndinu, ndiyankha." Kwa ife amene tidakula tikudziwa kuti kudutsa munthu osapereka moni ndi mwano, izi zimafuna kufotokozedwa bwino, apo ayi munthu amaona ngati mwamunyoza. Wachibale, mnzanu wogona naye nyumba imodzi ku Chikanda, bwenzi la mnzanu, wa m'kwaya yanu, amenewa musawatenge, apezereni wina. Ndipo zimene mwamva m'chipinda zisatuluke ngakhale mutachotsa dzina, chifukwa kungonena kuti mphunzitsi wina wamkazi wa kusukulu yakuti, theka la tauni ladziwa kale.

Ulendo woyamba womwewo munene malire a chinsinsi: ngati moyo wake kapena wa munthu wina uli pangozi, ngati mwana akuchitidwa nkhanza, kapena khoti likalamula. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limafuna kuti nkhanza kwa mwana zikanenedwe kwa a social welfare kapena kupolisi, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Cholakwika chofala ndi kulonjeza kuti zonse zithera muno, kenako mtsikana wa Fomu 2 n'kuulula zimene amalume ake amamuchita. Pamenepo muswa lonjezo kapena muswa lamulo. Mukanena malire poyamba, mtsikanayo amaulula akudziwa chimene chitsatire. Zolemba zanu zikhale zazifupi, zonena zimene zidachitika osati zimene mukuganizira, zotsekeredwa m'kabati. Mawu ojambulidwa asakhale pafoni imene ana amaseweretsa kunyumba, asatumizidwe pa WhatsApp, ndipo afufutidwe supavaiza akangomaliza kumvetsera.

Mapepala ndi nthawi

Yambani kukonzekera chaka chathunthu tsiku lotsekera lisanafike. Transcript itengeni msanga, ndipo ngati muli ndi ngongole ku yunivesite ithetseni, chifukwa imagwira mapepala. Okuchitirani umboni akhale awiri kapena atatu: mphunzitsi amene adayang'anira kafukufuku wanu wa chaka chachinayi, ndi munthu amene adakuonani mukugwira ntchito ndi anthu. Apatseni mwezi wathunthu, CV yanu, ndi tsatanetsatane wa pologalamu. Kalata yochokera kwa munthu waudindo waukulu amene sakukudziwani imaoneka msanga kuti ndi yongolemba.

M'kalata yodzifotokozera, pafupifupi aliyense amalemba kuti anzake amakonda kumuuza mavuto awo ndiponso kuti Malawi ilibe akatswiri okwanira. Osankha adaziwerenga kambirimbiri. Lembani za ntchito imene mudagwira, nthawi imene simudadziwe chochita, chimene woyang'anira adakuonetsani, ndi chimene mudasintha. Ngati mudadutsa m'mavuto inu eni, mungatchule mwachidule, koma chioneke kuti mudalandira thandizo ndipo chilondacho chidapola mokwanira kuti mungasenze za ena. Pa intaviyu angakupatseni sewero loti muthandize munthu kwa mphindi zochepa. Sakuyembekezera kuti muthetse vutolo. Akuona ngati mumatha kukhala chete, kubweza zimene mwamva, ndi kulandira chidzudzulo osadziteteza.

Ofuna South Africa adziwe kuti pepala lawo liyenera kuyamba launikidwa ndi SAQA, bungwe lounika mapepala a maphunziro, ndipo masters ya psychology kumeneko imafuna honours, chaka cha maphunziro cha pamwamba pa digiri yoyamba. Digiri ya zaka zinayi ikaikidwa ndi SAQA pa mlingo 7 m'malo mwa 8, mudzayamba mwachita chaka cha honours. Malo a masters ya counselling psychology ndi ochepa kwambiri, amatseka kulandira makalata chapakati pa chaka, ndipo ambiri amalowa atayesa kangapo. Kenya ndi Uganda n'koyeneranso kuyang'anako: Kenyatta ndi Daystar ali ndi masters ya counselling psychology, Makerere ali ndi ya uphungu, ndipo mavuto a anthu akumeneko ali pafupi ndi athu. Kumene akufuna mayeso a Chingerezi a IELTS, kumbukirani kuti zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha, musalembe msanga kwambiri.

Kafukufuku wa masters ndi amene amachedwetsa ambiri kumaliza. Sankhani funso laling'ono, la anthu amene mungawafikire. Ngati mudzafunse anthu kuno, chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa, monga UNIMAREC, COMREC kapena NHSRC, chimafunika musanayankhule ndi munthu aliyense, ngakhale yunivesite yanu ya kunja itavomereza kale, ndipo mitu yokhudza ana, akaidi kapena kudzipha imaunikidwa mozama. Ikani miyezi ingapo pambali ya zimenezi, ndipo m'pempho lanu mulembe kumene mudzatumize wofunsidwa amene wapezeka kuti ali pangozi.

Ndalama

Fizi ndi mbali imodzi chabe. Pali thiransipoti yopita ku practicum kangapo pa sabata, malipiro a supavaiza ngati sukulu simulipira, uphungu wanu, kuunikitsa mapepala, kalata ya kupolisi, ndi inshuwalansi ya chipatala imene visa ya sukulu ya ku South Africa imafuna. Kwa olipira okha m'ndalama zakunja, kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kudaonetsa mmene bajeti ingaphwasukire pakati pa maphunziro, ndipo kupeza ndalama zakunja kubanki kumatenga nthawi. Thandizo la ndalama za maphunziro lilipo ku Beit Trust, imene imathandiza a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ku Commonwealth, Mastercard Foundation, Canon Collins, Mandela Rhodes ndi Ireland Fellows. Chevening imalipira masters ya chaka chimodzi ku UK ndipo imafuna maola 2,800 a ntchito, pafupifupi zaka ziwiri. Apa pali msampha: thandizo lambiri limakwanira chaka chimodzi, pomwe maphunziro enieni a uphungu amatenga zaka ziwiri kapena kuposa. Musasinthe cholinga chifukwa choti ndalama zapezeka pa pologalamu ina. Ngati mwasankha kutenga ya chaka chimodzi, itengeni mukudziwa kuti luso la m'chipinda mudzalifunafuna kwina.

Ogwira ntchito kale, makamaka aphunzitsi ndi a m'mabungwe, amakonda maphunziro a kumapeto kwa sabata kapena a nthawi ya holide. Zimatheka, koma practicum imachitika masana a masiku a ntchito, pamene zipatala ndi masukulu zili zotsegula. Kambiranani ndi abwana anu musanalipire fizi, mupemphe tsiku limodzi kapena awiri pa sabata, ndipo chilolezocho chilembedwe.

Musanasankhe komaliza, pitani ku Medical Council of Malawi mukafunse mmene amalembera anthu a pepala limene mukufunalo, ndipo muyankhule ndi a Malawi Association of Counselling. Onaninso zotsatsa ntchito za m'nyuzipepala za miyezi ingapo, muone mapepala amene olemba ntchito akutchula. Mukadzamaliza, musadzasiye kuyang'aniridwa. BACP imafuna ola limodzi ndi theka pa mwezi ngakhale kwa phungu wovomerezedwa kale. Kuno oyang'anira ndi ochepa, choncho aphungu atatu kapena anayi angagwirizane kukumana kamodzi pa mwezi pamalo otsekeka, aliyense n'kubweretsa nkhani imodzi imene yamuvuta, dzina ndi mudzi zitachotsedwa, ndipo kamodzi pa miyezi itatu aitane wamkulu wodziwa, ngakhale pafoni, kuti amve mmene gululo likugamulira nkhani zovuta.